Chithunzi Chachisanu

Uthenga woyamba unamupeza Ermelinda choko chili m'manja. Linali Lachitatu, belu lopumira litangolira pasukulu yomwe ankaphunzitsa ku Itepela m'boma la Ngauma, ana atathamangira panja kukalimbirana chinangwa chophika chimene amayi ankagulitsa pansi pa mango. Telefoni inanjenjemera m'thumba la bata, chovala choyera chija aphunzitsi amavala pamwamba. Anaitulutsa akuyesa kuti ndi amuna ake.

Nambala inali yachilendo. Pamwamba panali chithunzi, ndipo asanachikulitse n'komwe anazindikira nsalu ya pawindo la kuchipinda kwake. Munthu wa pachithunzipo anali iye yemwe, ali mbulanda.

Pansi pake panali mawu: "Profesora, mwadzuka bwanji? Ndili nazo zambiri. Tumizani mametikali zikwi zisanu panambala iyi lisanathe Lachisanu. Mukapanda kutero, makolo a ana anu, akwaya anzanu ndi apongozi anu aziona tsiku limodzi."

Anakhala pabenchi ya ana, yaifupi ija, n'kuivundikira telefoni pamwendo ngati wina angaione kudzera m'khoma.

Ermelinda sanali mkazi wa mbiri. Anali atatha zaka zisanu ndi zinayi pabanja ndi Yesaya, makaniko wa pafakitale ya thonje ku Cuamba. Nyengo ya thonje ikafika, Yesaya ankatha miyezi iwiri, mwina itatu, osaponda ku Ngauma. Ndiye amene anayambitsa za zithunzizo, mwanthabwala. "Mayi a Kumbukani, nkhope yokha ndikuidziwa kale. Mukufuna ndiiwale kuti ndili ndi mkazi?" Ermelinda anakana kwa masabata, koma Loweruka lina masana, mwana wawo wamkazi Kumbukani atapita kwa agogo ake, anatseka chitseko n'kudzijambula uku akudziseka yekha. Zinali zinthu za anthu awiri, ngati mikanda ya m'chiuno.

Belu litaliranso anaphunzitsa masamu osadziwa chomwe dzanja likulemba pabolodi. Mawa lake anapita pamsika kwa wotumiza ndalama za patelefoni, n'kupereka ndalama zomwe ankasungira feteleza. Potuluka pamenepo anafufuta uthenga uja ndi chithunzi chomwe, akudziuza kuti galu ukamuponyera fupa amasiya kuuwa.

Galuyo anangokhala chete masabata awiri. Kenako unabwera uthenga wina, zithunzi zisanu zondondozana, ndipo ndalama zofunika zinali zitawirikiza kawiri. Zithunzizo sanazitsegule. Anangoona kuti ndi zake, n'kutseka maso.

Kuyambira pamenepo anasowa pokhala. Akakhala m'nyumba ankafuna panja, akatuluka panja ankaona ngati aliyense wogwira telefoni akuyang'ana iyeyo. Kukwaya anaimba mawu osatuluka. Apongozi ake atamupatsa moni pachitsime, anawayang'anitsitsa kumaso kufuna kuona ngati akudziwa kale. Ndipo funso limodzi silinkamuchoka: zithunzizo zinatuluka bwanji? Iye anatumiza kwa munthu mmodzi yekha padziko lapansi. Anayamba kumuona m'maganizo mkazi wa ku Cuamba, wa zikhadabo zopaka utoto, atakhala pabedi la Yesaya, akusanthula telefoni mwini wake ali kosamba. Tsiku lililonse mkaziyo ankaonjezera kukongola ndi nkhanza, mpaka Loweruka m'mawa Ermelinda anasiya mwana kwa agogo ake, n'kukaima pamsewu kudikira chapa, minibasi yochokera ku Lichinga.

Inali nyengo ya dzuwa, mvula isanaganize zobwera. M'mbali mwa msewu tchire linali litapsa, utsi uli tolotolo m'mapiri. M'chapamo anapanikizana ndi matumba a nyemba ndi mayi wina wa nkhuku ziwiri. Mnyamata wa kutsogolo kwake ankaonetsa mnzake kanthu patelefoni, onse n'kuphulika kuseka, ndipo Ermelinda anasuzumira mtima uli m'mwamba. Anali kanema wa mbuzi yothamangitsa munthu. Pa Mandimba chapa inaima nthawi yaitali kudikira kudzaza, iye osatsika ngakhale kukamwa madzi. Anafika ku Cuamba dzuwa litapendeka pang'ono, mkanjo utamatirira kumsana.

Yesaya anamupeza akuchapa ovolosi pakhomo pa kachipinda kake ka lendi, kufupi ndi njanji. Atamuona anadzuka manja ali thovu lokhalokha.

"Mayi a Kumbukani! Kwagwanji? Mwana ali bwanji?"

"Mwana ali bwino. Tiyeni m'nyumba."

Atalowa, maso a Ermelinda anayenda pabedi, pachingwe cha zovala, pansi pa tebulo, kufunafuna nsapato kapena mpango wa mkazi. Munalibe kanthu koma zitsulo, wailesi ndi kapu imodzi.

"Mundiuze dzina lake," anatero.

"Dzina la ndani?"

"La amene mumamupatsa telefoni yanu kuti aziseweretsa. Ine ndinakupatsani thupi langa, inu mwakaligawa pamsika ngati usipa."

Anamuponyera telefoni pabedi. Yesaya anapukuta manja m'malaya, n'kuwerenga. Nkhope inasintha pang'onopang'ono, mitsempha ya m'khosi n'kutuluka.

"Zayamba liti zimenezi?"

"Sabata yachitatu ino. Ndinalipirako kale."

"Masabata atatu! Inu n'kukhala nazo chete? Ine ndili pano ndikukuimbirani tsiku ndi tsiku, mukundiyankha kuti kunyumba kuli bwino?"

"Ndikanauza ndani? Munthu amene ndikumuganizira?"

Yesaya anakhala pabedi ngati wamenyedwa ndi chibonga. Anatulutsa telefoni yake m'thumba n'kuiika m'manja mwa mkazi wake. "Fufuzani. Paliponse pomwe mukufuna. Telefoni iyi ngakhale kuntchito sindiisiya pansi. Zithunzi zanu zinayi zili mmenemo, pamalo potseka, ndipo nambala yotsegulira ndi tsiku lomwe anabadwa Kumbukani."

"Zisanu," anatero Ermelinda.

"Zinayi. Ndikuzidziwa ngati zala zanga."

Anaika matelefoni awiriwo pamodzi. Aka kanali koyamba kuti Ermelinda atsegule zimene munthu uja anatumiza. Choyamba chinalipo kwa Yesaya, chachiwiri chimodzimodzi, mpaka chachinayi. Chachisanu Yesaya anali asanachionepo. Ermelinda anali atamanga kapulana yofiira m'chiuno, maso atatsinzina, pakamwa pali yasa chifukwa chakuseka. Anachikumbuka. Tsiku lija anachiona kuti sichinaoneke bwino, ndipo sanachitumize kwa aliyense. Chinangotsala mutelefoni yake.

Kunja sitima ya katundu inadutsa, makoma n'kunjenjemera, ndipo onse awiri anadikira kuti ithe.

"Ndiye kuti zinachokera mwanga," ananena Ermelinda motsitsa. "Koma telefoni yanga sindibwereketsa. Ngakhale mwana saigwira." Anaima kaye. "Galasi. Nthawi yozizira ija inagwa pasimenti, galasi n'kusweka."

"Munakakonzetsa kuti?"

"Ku Mandimba, pamsika. Kwa Cláudio."

Zonse zinabwerera. Kakanyumba ka malata kodzaza mawaya ndi matelefoni akufa. Bambo waulemu, wa ndevu zometa bwino, chithunzi cha ana ake awiri chili pakhoma. Anamuuza kuti, "Mundisiyire kodigo, profesora, ndiyese ngati galasi latsopano likumva chala." Iye anamulembera nambalayo pakapepala, n'kupita kukagula mchere ndi nsomba zouma. Anabwerako patatha maola awiri, ndipo anamuthokoza chifukwa chomutsitsira mtengo.

Yesaya anali ataimirira kale, sipanala yaikulu ili m'manja. "Chapa yomaliza sinanyamuke. Lero lomwe lino andiona."

Ermelinda anaima pakhomo n'kutambasula manja. "Mukamumenya, chala chake chimodzi chikwanira kundivula pamaso pa Ngauma yense. Inu n'kukalowa m'ndende, iye n'kukhala wodandaula. Ine nditsala ndi chiyani?"

"Ndiye tizimulipira mpaka liti? Mpaka tigulitse malata a nyumba?"

Ermelinda anatsetsereka n'kukhala pansi pakhomo pomwepo, misozi imene anaisunga masabata atatu n'kuyamba kutsika. Yesaya anaika sipanala pansi n'kukhala pambali pake.

Njira ina Ermelinda ankaidziwa. Chaka chathacho iye yemwe anaperekeza mayi wa mwana wa m'kalasi mwake kupolisi, kuchipinda chimene amalandirirako azimayi ndi ana ochitidwa nkhanza. Ndipo ana ankawauza kawirikawiri kuti munthu akakuopseza kuti usanene, pomwepo m'pofunika kunena. Koma kulangiza mwana n'kosavuta.

"Ndikapita kupolisi afuna aone," anatero. "Ndiye kuti ndadzivula ndekha."

"Tipita awiri," anayankha Yesaya. "Amene anapempha zithunzizo ndine. Ngati pali manyazi, ayambire pa ine."

Lolemba m'mawa anali ku Mandimba. Anadutsa kutali ndi msika, Ermelinda atafunda kapulana kumutu ngati wodwala malungo. Kupolisi anawalozera kachipinda ka kumbuyo, komwe anapeza mayi wamkulu thupi, wa yunifolomu, dzina lake Halima. Mayiyo anayamba kuwalonjera m'Chiyao, koma atamva mayankhidwe awo anatembenukira ku Chinyanja. Anapempha Yesaya kuti ayambe wadikira panja, n'kutseka chitseko.

Ermelinda anafotokoza akuyang'ana pansi. Nkhani inkatuluka mosokonekera, za kumapeto kuyambirira, koma Mayi Halima sanamudule. Atafika poonetsa telefoni, dzanja linakana. Mayi Halima anang'amba kapepala n'kumupatsa.

"Phimbani thupi ndi aka. Ine ndikufuna nambala, tsiku ndi mawu ake. Zinazo adzaona okhawo amene lamulo likuwakakamiza kuona, ndipo ndi ochepa."

Atawerenga anapumira m'mwamba. "Achemwali, choyamba mumve ichi. Inu simunalakwe. Kudzijambula m'chipinda mwanu si mlandu. Mlandu ndi kulowa m'zinsinsi za munthu n'kutenga zithunzi zake iye osalola. Kumuopseza kuti akupatse ndalama ndi mlandu wina, waukulu kuposa woyambawo. Akazimwaza, waonjezera wachitatu."

"Ndinamulipira kamodzi," anatero Ermelinda. "Uthenga woyamba ndinafufuta."

"Ambiri amatero. Kuyambira lero musafufutenso kanthu, ngakhale katukwane bwanji. Chilichonse chimene atumize, muchijambule mmene chikuonekera pagalasipo, nambala ndi nthawi zioneke. Nanga kauthenga kotsimikiza kuti ndalama zapita, kaja kamabwera mukatumiza?"

Ndalamazo anatumiza kudzera kwa wapamsika, koma kauthengako kanabwera kwa iye, ndipo anali atakaiwala. Anakapeza pakati pa mauthenga a malonda. Panali nambala ndi dzina la wolandira: Latifo. Ermelinda sankadziwa Latifo aliyense.

"Si Cláudio," anatero Ermelinda.

"Wakuba savala nsapato zake popita kokaba. Koma Latifoyu ndi munthu, ali ndi kwawo, ndipo ndalamazo zinatulutsidwa penapake. Tilemba keisha yanu, dandaulo lanulo, ipita kwa ofufuza milandu ndi kwa prokuradori, woimira boma pamilandu. Iwowo ndi amene angalamule kuti a kampani ya matelefoni anene komwe ndalama zinatulukira. Woweruza akakhutira, apereka chikalata choti tikasecha. Pakali pano Cláudio mukungomuganizira, ndipo kuganizira si umboni. Musamuyandikire, musamuonetse kuti mwadziwa. Amuna anuwo ndiwauza ndekha."

"Nanga kukhoti? Anthu onse adzakhala akumvetsera?"

"Mutha kupempha kuti mlandu ukambidwe chitseko chotseka, chifukwa ukukhudza ulemu wanu. Mutha kupemphanso kuti akubwezereni zanu ndi kukupepesani ndi chipukuta misozi. Pali ofesi ya boma yothandiza anthu pamilandu kwaulere, ndikulemberani kakalata." Anasiya kulemba n'kumuyang'ana m'maso. "Koma sindikunamizani. Sindingalonjeze kuti sadzatumiza kwa munthu tisanamugwire. Zimenezo zili m'manja mwake. Chimene tingachite n'kumuchedwetsa."

Analemba limodzi yankho lopita kwa munthu uja. "Chonde ndipatseni masiku. Ndikugulitsa mbuzi, wogula abwera sabata yamawa." Yankho linabwera asanatuluke n'komwe m'chipindamo: "Lachitatu la sabata yamawa. Osapitirira."

Yesaya anabwerera ku Cuamba chifukwa kuntchito anamupatsa tsiku limodzi lokha. Ermelinda anabwerera ku Itepela kukadikira, ndipo masiku amenewo anali aatali kuposa onse am'mbuyo. Ankadzuka n'kusesa bwalo losesa kale. Anachapa makatani, anasamutsa bedi, anazula udzu umene unali usanamere bwino. Telefoni akaisiya m'nyumba ankaithamangira, akaitenga ankafuna kuiponya m'chitsime. Kawiri anaimbira Mayi Halima, ndipo kawiri konse yankho linali lakuti mapepala akuyenda.

Lachisanu anagogoda paofesi ya adiretori a sukulu, bambo wachikulire woyandikira kupuma pantchito. Anaona kuti kuli bwino amve kwa iye kusiyana n'kumva kwa makolo. Bamboyo anamvetsera akupukuta magalasi ake, osamuyang'ana kumaso chifukwa cha manyazi.

"Profesora," anatero pomaliza, "ine za matelefonizi sindizidziwa. Chomwe ndikudziwa n'chakuti mbala ikathyola nyumba sitimanga mwini nyumba. Pitani mukaphunzitse."

Lachitatu lija linakwana apolisi asanamalize. Ermelinda analembanso kuti wogula mbuzi wadwala, apatsidwe mpaka Loweruka. Ulendo uno yankho silinabwere. Anadikira ola limodzi, awiri, ali chiimire pawindo la kalasi. Dzuwa lili paliwombo anaona njinga ikulowa pabwalo la sukulu mwaliwiro, wokwerapo ali Mayi Tereza, mtsogoleri wa kwaya yawo. Anatsika njinga isanaime bwino, n'kumukokera kuseri kwa kalasi.

"Mwana wanga, ichi n'chiyani?" Patelefoni yawo panali chithunzi cha kapulana yofiira chija, ndi mawu akuti: "Onani woimba wanu."

Ermelinda anagwira khoma.

"Aona ndani wina?"

"Ine ndekha. Iyayi, ndisaname. Mlamu wanga anali pambali panga potsegula. Ndamuletsa, koma pakamwa pake mukupadziwa. Dikirani ndichifufute, chonyansachi."

"Ayi! Musafufute, mayi." Anawagwira dzanja mwamphamvu mpaka iwo anadabwa. "Chisiyeni momwemo. Nkhaniyi ili kupolisi, ndipo inu tsopano ndinu mboni. Mungapite nane ku Mandimba?"

Mayi Tereza anatsitsa mawu. "Zinali za amuna anu?"

"Za amuna anga."

"Ndiye bwanji osandiuza kale? Tiyeni, njingayi tikaisiya kwa adiretori."

Pofika madzulo mlamu uja anali atagwira ntchito yake. Chithunzi analibe, koma pakamwa anali napo, ndipo pachigayo, pachitsime ndi pamsika nkhani inali ya aphunzitsi ojambulitsa maliseche. Ena ankati anatumizira chibwenzi cha ku Malawi, ena ankati amagulitsa. Apongozi ake anabwera kudzatenga Kumbukani osanena mawu, n'kupita naye kwawo.

Loweruka m'mawa, Ermelinda ali m'munda kugalauza nthaka youma imene khasu linkangodumphapo, Mayi Halima anaimba.

"Achemwali, khalani pansi. Tamugwira."

Latifo uja anapezeka kuti ndi msodzi wa ku Chiuta, mlamu wake wa Cláudio, yemwe anabwereketsa chitupa chake kalekale atauzidwa kuti n'cholembetsera nambala ya pantchito. Ndalama zinkatulutsidwa pakanyumba kachitatu kuchokera pa Cláudio, ndipo wotulutsa ndalamayo ankamudziwa bwino kasitomala wake. Ofufuza atafika ndi chikalata cha woweruza, anapeza telefoni ya nambala ija itabisidwa m'katoni ya matelefoni akufa. Anatenganso kompyuta.

"Muli mayina a azimayi khumi ndi atatu," anatero Mayi Halima. "Aliyense ndi thumba lakelake la zithunzi. Inu munali wachisanu ndi chinayi."

Ermelinda anakhala pamzere, khasu lili pamiyendo. Ankayembekeza kuti tsiku limeneli adzavina, koma anangomva kutopa, ndi njala yoopsa imene anali asanaimve kwa mwezi wathunthu.

Mlandu unalowa m'khoti la ku Mandimba patapita miyezi isanu, chimanga chitayamba ngaiyaye. Miyezi imeneyo sinali yopepuka. Makolo awiri anapempha kuti ana awo asamutsidwe m'kalasi mwake, adiretori n'kukana. Apongozi anakhala mwezi osamulankhula, mpaka Yesaya anabwera kudzakhala nawo pansi n'kuwauza yekha, maso ali pansi, kuti wopempha zithunzi anali iye. Mayi wokalambayo anangoti, "Ana a masiku ano," n'kubweza mdzukulu tsiku lomwelo.

Mwa azimayi khumi ndi awiri enawo, amene analola kuima pamaso pa woweruza anali mmodzi yekha. Ena anakana kuti si iwo, ena anazimitsa matelefoni. Amene anabwerayo anali Sandra, mayi wochepa thupi wogulitsa makaka ku Mitande, yemwe analipira kasanu mpaka mpamba wake wonse unatha. Anakumana pabenchi ya panja pa khoti, ndipo sanafunike kuuzana kuti ndi ndani.

Woweruza analola pempho lawo, anthu ongobwera kudzamvera anatulutsidwa, chitseko n'kutsekedwa. Cláudio anali ataonda, ndevu zitamera mosalongosoka. Ananena kuti zithunzizo zinkangokoperedwa zokha pokonza, kuti ankangofuna kuwaopseza pang'ono, kuti sakanatumiza kwa munthu. Apo prokuradori anaitana Mayi Tereza, amene analowa atavala kapulana ya kwaya, n'kuika telefoni yawo patebulo ngati akupereka chopereka kuguwa. Itafika nthawi ya Ermelinda, mawu anayamba mwa manjenje, kenako anakhazikika n'kukhala aja a m'kalasi. Anafotokoza za galasi losweka, za kapepala ka kodigo, za chithunzi chimene sanatumizepo kwa munthu. Cláudio sanadzutse mutu.

Chigamulo chinawerengedwa patatha masabata awiri. Zaka zinayi m'ndende, kubweza zonse anatenga kwa awiriwo, chipukuta misozi pamwamba, ndiponso kuti zithunzi zonse za m'kompyutamo ziwonongedwe mlandu ukatsekedwa. Wowathandiza wa ku ofesi ya boma uja anawanong'oneza kuti ndalamazo zidzabwera mwapang'onopang'ono, ngati zidzabwere n'komwe, poti munthuyo analibe katundu wodziwika kupatula kakanyumba ka malata. Ermelinda anangogwedeza mutu.

Panja kunali kutagwa mvula, msewu ukufuka nthunzi. Yesaya anayenera kuthamangira chapa ya ku Cuamba kuti akalowe ntchito mawa lake. Anamugwira dzanja pagulu, chinthu chimene sankachita, n'kunyamuka chothamanga. Ermelinda anatsala ndi Sandra pansi pa khonde la sitolo, pepala la chigamulo lili m'chikwama, akudikira ya ku Ngauma.

Sandra ankangopotokola nsonga ya kapulana yake. Mwamuna wake anamuthamangitsa nkhani itamveka, ndipo ankakhala kwa amayi ake.

"Profesora," anatero potsiriza, "mawa amalume anga akumana ndi akuchimuna. Akuti akambe za ine. Pepalali lili m'Chipwitikizi, ndipo kwathu woliwerenga bwino palibe. Ndikawauza ndekha kuti khoti lapeza kuti wolakwa si ine, adzati ndikudzikometsera. Inu ndinu aphunzitsi. Akhoza kukumverani."

Chapa ya ku Lichinga, yodzera ku Ngauma, inali itaima kale tsidya la msewu, wotenga ndalama akukuwa kuti Massangulo, Massangulo, malo awiri otsala. Ermelinda anaganiza za Kumbukani, za mayeso a ana omwe anali asanachonge, za anthu achilendo a ku Mitande amene adzamuyang'ane kuyambira kumutu mpaka kumapazi akudziwa chimene chinamubweretsa kukhoti.

"Akumana nthawi yanji?"

"M'mawa, akamwa tiyi."

Anaimbira apongozi ake kuwapempha kuti mwana agone komweko, n'kutumiza uthenga kwa adiretori. Kenako anafunsa Sandra komwe zimaimira galimoto za ku Mitande. Sandra analoza kumunsi, kuseri kwa msika, ndipo anayenda awiriwo akulumpha zithaphwi, wina atanyamula chikwama cha mnzake.